OSULA MIPENI A KU KACHOLOLA, KOMANANI PA CIPALA CIMODZI

Inu alimi amene mumasula mipeni, tamverani. Mpeni wofewa umapindika, wouma koposa umathyoka. Cinsinsi cace ciri m'kaumitsidwe ka citsulo, ndipo akuluakulu akapanda kuonetsa anzao, nzeruyi idzapita nao kumanda.

Cotero mukatha kukolola, pemphani anyakwawa malo okomanapo. Wina adze ndi mvukuto, wina makala a tsanya, wina sipuling'i yakutha ya malole oyenda pa mseu wa Great East. Mmisiri wamkulu aonetse kufiiritsa citsulo, kuciviika m'mafuta, ndi kucitenthanso pang'ono kufikira maonekedwe ace afanane ndi udzu wouma. Anyamata avukute, maso ali pamoto. Potsiriza yesani mipeni yonse pa nsungwi imodzi. Mwini mpeni wopambana afotokoze m'mene anausulira.