Tulo tikasowa, agogo amayamba kuiwala

Usodzi wa usipa ndi ntchito ya usiku. M'madoko a m'boma la Nkhotakota, dzuwa likalowa asodzi amanyamuka ndi nyali kupita pakati pa nyanja, n'kubwerako mbandakucha. Abambo ena akhala moyo wotere zaka 30 kapena 40, ndipo ngakhale atasiya kukoka chilimira, tulo sitibwerera m'chimake: usiku amangotembenuka pamphasa, masana n'kumaodzera pakhonde. Akayamba kuiwala komwe aika ndodo kapena dzina la mdzukulu, abale amangoti ndi ukalamba.

Sikuti nthawi zonse ndi ukalamba. Munthu akagona tulo tofa nato, ubongo umasanja ndi kusunga zimene waona ndi kumva masana. Tulo tikamadukaduka, ntchitoyi imatsala panjira. M'chaka cha 2021, akatswiri adatulutsa zotsatira za kafukufuku amene adatsatira anthu pafupifupi 8,000 ku Britain kwa zaka 25. Adapeza kuti kwa omwe ankagona maola 6 kapena ocheperapo kuchokera pa zaka 50 mpaka 70, chiopsezo cha matenda oiwala, a dementia, chidali chokwera ndi 30 pa 100 iliyonse. Komabe nthawi zina kusowa tuloko kumakhala chizindikiro choyamba cha matenda omwe ayamba kale.

Zolanda tulo kunyanja n'zambiri. Chifundizi cha mu Okutobala ndi udzudzu aliyense akuzidziwa, koma zoopsa ndi zomwe siziwoneka. Matenda a shuga amadzutsa munthu kangapo kukataya madzi. Kuthamanga kwa magazi kumawononga mwakachetechete timitsempha ta mu ubongo. Mkonono waukulu, womwe ambiri amauseka, nthawi zina umasonyeza kuti munthu akubanika kutulo. Kachasu naye amagonetsa msanga, koma amadzutsa pakati pa usiku.

Nkhotakota ilinso ndi vuto lakelake. Midzi yoyandikana ndi nkhalango yosungira nyama ya m'bomali imakhala pachiopsezo cha kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe. Akafika ku ubongo amasokoneza tulo ndi maganizo, ndipo amapha akapanda kuchizidwa. Wachikulire amene wayamba kusokonezeka mwadzidzidzi, thupi likutentha, asachedwe naye: ayezedwe malungo ndi kaodzera pachipatala cha boma kapena cha St Anne's.

Chomvetsa chisoni n'chakuti wodwala dementia amasokonezeka kwambiri kukamada. Amatha kutuluka usiku, n'kusochera, n'kupezeka m'mawa pakhomo la eni, mwina asanavale bwino. M'midzi yambiri, gogo wotere amatchedwa mfiti yomwe yagwa paulendo, ndipo ena amenyedwa mpaka kufa. Chonsecho lamulo la ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lapadera loteteza okalamba.