Kodi saladi ingalowe m'malo mwa nsima? Tinayesa ya Caesar

Nkhaniyi inayamba Loweruka lina pa msonkhano wa kalabu ya achinyamata m'dera lomwe timagwira ntchito. Tinkakambirana za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo monga mwa nthawi zonse, ena anali atayamba kale kusinza. Kenaka mtsikana wina, yemwe amagwira ganyu yotsuka mbale pa malo ogona alendo kunyanja, anakweza dzanja. Iye anati alendo ena akafika kumeneko amaitanitsa mbale ya masamba osaphika yotchedwa Caesar, amadya, amalipira ndalama zambiri, n'kunyamuka osafunsako nsima kapena mpunga. "Azaumoyo, tatiuzani," anatero, "anthu amenewa amakhutadi kapena amangopirira?"

Anyamata anafa nacho chiseko. Wina anati chimenecho n'chakudya cha akalulu. Ife tinalibe yankho logwira mtima tsiku limenelo, choncho tinagwirizana kuti tifufuze kaye, ndipo pakatha masabata awiri tidzakonze tokha saladiyo, aliyense alawe.

Inachokera kuti?

Ambiri akamva dzinali amaganiza za Kaisara wa ku Roma yemwe timamumva m'mbiri yakale. Si iye ayi. Mwini dzinali ndi Caesar Cardini, mbadwa ya ku Italy yemwe anabadwa mu 1896 ndipo anasamukira ku America. Ankakhala mu mzinda wa San Diego koma anatsegula malo odyera ku Tijuana, m'dziko la Mexico, mzinda womwe uli pamalire penipeni. Chifukwa chake chinali chakuti kuyambira 1920 mpaka 1933 dziko la America linaletsa kugulitsa mowa, ndiye anthu a ndalama zawo ankawoloka malire kukadya ndi kumwa ku Mexico.

Mwana wake wamkazi, Rosa, ankafotokoza kuti pa 4 July 1924, tsiku lomwe anthu a ku America amakumbukira ufulu wawo, alendo anachuluka zedi mpaka zakudya zinayamba kutha m'khitchini. Bambo akewo anatolera zomwe zinatsala: letesi wa masamba aatali wotchedwa romaine, adyo, buledi, mazira, mafuta a olivi, madzi a ndimu, tchizi cholimba cha Parmesan ndi msuzi wa m'botolo wotchedwa Worcestershire. Anasakaniza zonsezi pa tebulo alendo akuona, kuti zioneke ngati chakudya chapadera. Masamba sankawadula, ndipo anthu ankawadya ndi manja monga timachitira ife ndi nsima. Cardini anamwalira mu 1956, koma mu 2024 mzinda wa Tijuana unachita chikondwerero chokumbukira kuti saladiyi yatha zaka 100.

Mfundo yomwe inatisangalatsa ndi yakuti chakudya chomwe lero chimagulitsidwa modula chinabadwa chifukwa cha kusowa. Izi zinatilimbitsa mtima kuti nafenso tikhoza kusintha zina ndi zina malinga ndi zomwe zikupezeka pamsika wathu.

Vuto la dzira laliwisi

Apa ndi pomwe ife azaumoyo tinaima kaye. Msuzi wothira pa saladi ya Caesar, malinga ndi kakonzedwe kake koyamba, umafuna dzira lomwe langoviikidwa m'madzi owira kwa mphindi imodzi yokha. Ena masiku ano amangoswa laliwisi. Dzira lotere likhoza kukhala ndi tizirombo totchedwa salmonella, tomwe timayambitsa kutsegula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi. Munthu wathanzi amadwala masiku angapo n'kuchira. Koma kwa munthu yemwe chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, tizirombo timeneti tikhoza kuchoka m'matumbo n'kulowa m'magazi, ndipo matendawo amakhala oopsa kwambiri. Amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi okalamba nawonso ali pa chiopsezo chomwecho.

M'makalabu athu muli anzathu omwe ali ndi kachirombo ka HIV. Ena anabadwa nako, ena anakatenga atakula. Ambiri akumwa ma ARV mokhulupirika ndipo matupi awo ndi amphamvu ngati a wina aliyense. Koma alipo ena omwe angoyamba kumene mankhwala, ena anasiyako kwa kanthawi, ndipo ena sanayezetse n'komwe. Sitingawadziwe poyang'ana nkhope, ndipo si udindo wa wophika kufunsa. Taganizani mnzanu yemwe sanauzepo aliyense za momwe alili, akupatsidwa mbale pagulu. Akakana, anthu ayamba kufunsa chifukwa. Akadya, akuika moyo wake pa chiswe. Sitinafune kuti wina aliyense apezeke pampanipani wotere, choncho tinagwirizana zokonza mbale imodzi yomwe aliyense angadye mosaopa, popanda ya "odwala" pambali. Dzira linayenera kuwiritsidwa mpaka kulimba.

Mayonezi ya m'botolo yogula m'sitolo imathandizanso, chifukwa mazira ake amakhala atatenthedwa kale ku fakitale. Ikangotsegulidwa imafuna firiji, yomwe ambirife tilibe, ndiye ife tinangoisiya.

Masamba ndi madzi

Chachiwiri ndi masamba enieniwo. Ndiwo zathu monga chisoso, bonongwe kapena nkhwani timaphika, ndipo moto umapha tizirombo. Letesi sadutsa pamoto. Ngati anathiriridwa ndi madzi a mumtsinje momwe mumathera zonyansa, kapena anawazidwa madzi akuda pamsika kuti aoneke wabwino, zonsezo zimabwera naye kunyumba. Sitinaiwale kolera wa mu 2022 ndi 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Choncho gulani letesi kwa mlimi yemwe mukudziwa komwe amatunga madzi ake. Tayani masamba akunja ndi onse ofota. Otsalawo thotholani limodzilimodzi, n'kutsuka tsamba lililonse mbali zonse ndi madzi owiritsa omwe azizira, kapena othira klorini kapena WaterGuard motsatira muyezo wolembedwa pa botolo. Muzithira madziwo kuchokera m'kapu, osati kuviika masamba onse m'beseni limodzi. Musanayambe, sambani m'manja ndi sopo.

Tinene mosabisa: kutsuka kumachepetsa tizirombo koma sikuchotsa tonse. M'nyengo yomwe m'dera mwanu mwagwa kolera, iwalani kaye za masamba osaphika. Chimodzimodzinso munthu amene akudwala, kapena amene kuchipatala amuuza kuti chitetezo chake chatsika kwambiri. Pamenepo gwiritsani ntchito kabichi wodula bwino, mumuviike m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, mumukhetse madzi, kenaka muthire msuzi womwewo. Kakomedwe kamasintha pang'ono koma kabichi amakhalabe wokhukhuluza.

Zomwe tinagwiritsa ntchito

Izi ndi zokwanira anthu anayi: mitu iwiri ikuluikulu ya letesi, magawo 6 a buledi wogona, mazira 6, usipa wouma wodzadza dzanja limodzi, timagawo 3 ta adyo, mandimu 2, supuni zazikulu 8 za mafuta ophikira, mtedza wokazinga theka la kapu, mapeyala 2 akupsa ndi mchere pang'ono. Amene angakwanitse awonjezere nyama ya nkhuku.

Muona kuti mulibe tchizi cha Parmesan. Tchizi chimenechi chimachokera ku Italy, chimasungidwa kwa miyezi yosachepera 12 chisanagulitsidwe, ndipo kuno chimapezeka m'masitolo akuluakulu okha pa mtengo woti kalabu yonse ingalire. M'malo mwake tinasinja mtedza wokazinga. Sizifanana ayi, tisanamizane, koma mtedza umabweretsa fungo ndi mafuta ake, ndipo uli m'gulu la zanyemba lomwe saladi yoyambayo ilibe. Sankhani mtedza wabwino, wa chuku mutaye.

Nanga usipa ukulowa bwanji? Ophika ambiri kunjaku amathira tinsomba ta m'nyanja ya mchere totchedwa anchovy. Cardini mwini sankatifuna, popeza kakomedwe kake kankachokera kale mu msuzi wa Worcestershire, womwe umapangidwa ndi tinsomba tomweti. Ife tilibe zonse ziwiri, koma tili ndi usipa wa m'nyanja yathu, ndipo unagwira ntchito kuposa momwe tinkayembekezera.

Kakonzedwe kake

Yambani ndi mazira. Madzi akawira, awerengereni mphindi 10, kenaka muwaike m'madzi ozizira kuti asavute kusenda.

Usipa muuchotse mitu chifukwa imawawitsa, muutsuke bwino kuti mchenga uchoke, ndipo muukazinge pa chiwaya chopanda mafuta mpaka uume gwa. Kenaka muusinje mu kamtondo koyera mpaka ukhale ufa. Ife ulendo woyamba tinatsuka mothamanga, ndipo mano anatiuza okha kuti mchenga unatsalira.

Buledi mudule timabokosi tating'ono ngati chala chachikulu. Thirani supuni 2 za mafuta pa chiwaya, ikanimo kagawo kamodzi ka adyo kophwanya, ndipo mukazinge bulediyo pa moto wochepa uku mukutembenuza mpaka afiire. Makala a mbaula akhale atakhazikika. Mukachoka pang'ono kukayankha foni, mupeza wapserera, monga zinatichitikira ndi chiwaya choyamba. Buledi wogona ndiye wabwino chifukwa samwa mafuta ambiri.

Tsopano msuzi, womwe ndiwo mtima wa saladiyi. Tengani mazira awiri mwa owiritsa aja, muchotse zachikasu zapakati n'kuziika m'mbale yakuya. Ziphwanyeni ndi supuni pamodzi ndi adyo wotsala uja wosinja, supuni 2 za ufa wa usipa ndi mchere pang'ono. Finyiranimo mandimu, mutakase mpaka zikhale ngati phala losalala. Ndiyeno thirani mafuta otsala aja pang'onopang'ono, madontho okha poyamba, wina akuthira wina akutakasa osaleka. Mukathira onse nthawi imodzi mafuta amayandama pamwamba osagwirana ndi dzira. Msuzi ukalimba kwambiri, onjezani supuni imodzi ya madzi owiritsa. Ulaweni. Uyenera kumveka wowawasa ndi wamchere kuposa momwe mungafunire, chifukwa letesi akaulandira umazizira mphamvu.

Ngati pali nkhuku, muiphike kapena kuiwotcha mpaka pasatsale pofiira ngakhale pafupi ndi fupa. Mpeni ndi thabwa zomwe mwadulira nkhuku yaiwisi zisakhudze letesi musanazitsuke ndi sopo. Kulekanitsa zaziwisi ndi zakupsa ndi limodzi mwa malangizo asanu a kasamalidwe ka chakudya omwe bungwe la WHO linatulutsa mu 2001, ndipo ndi lomwe anthu amaliiwala msanga ntchito ikachuluka.

Letesi wotsuka uja muyanike pa nsalu yoyera kapena m'sefa mpaka madzi onse achoke. Tsamba lonyowa silimata msuzi, umangotsetsereka n'kukasonkhana pansi pa mbale. Akauma, mung'ambe ndi manja, muthire msuzi, musakanize mofatsa. Pamwamba ikani mazira otsala odula pakati, zoyera za mazira awiri aja, mapeyala, nkhuku, mtedza, usipa wotsala, ndipo buledi akhale womalizira kuti asafewe. Idyani nthawi yomweyo. Saladi si ndiwo yoti n'kutenthetsa madzulo, ndiye ikakhala maola oposa awiri, yotsalayo ndi yotaya.

Kodi inakhutitsa?

Funso la mtsikana uja linali lanzeru. Letesi payekha ndi madzi okhaokha, pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse, ndipo sapatsa mphamvu zokwanira munthu wolima, wopalasa kabaza kapena woyenda mtunda wautali kupita kusukulu. Bungwe la WHO limanena kuti munthu wamkulu yemwe ali ndi kachirombo ka HIV koma sakudwala amafunika chakudya chopatsa mphamvu choposa cha ena ndi magawo 10 pa 100, ndipo akamadwala amafunika choposa ndi magawo 20 mpaka 30. Wotereyu asadzadze mimba ndi masamba okha n'kumati wadya.

Saladi imasanduka chakudya chenicheni chifukwa cha zomwe mwaikamo. Titawerenga pa bolodi tinapeza kuti mbale yathu inali ndi magulu onse asanu ndi limodzi: buledi wa zokhutitsa, mazira, usipa ndi nkhuku za zanyama, mtedza wa zanyemba, letesi wa zamasamba, mandimu a zipatso, komanso mafuta ndi mapeyala za zamafuta. Nsima ya mpiru wothira tomato ndi mchere, yomwe ambiri timadya tsiku ndi tsiku, sifika pamenepo. Komabe gulu la zokhutitsa linali lochepa. Magawo 6 a buledi kwa anthu anayi ndi masewera, ndipo atsikana ena anati akhuta pomwe anyamata ankayang'ana uku ndi uku. Mwamwayi mayi wina woyandikana ndi malo athu okumanirana anali atawiritsa mbatata, tinagulako, n'kuidula m'mbale momwemo. Mbatata yofiira mkati ija inagwirizana bwino ndi msuzi wa ndimu, ndipo ili ndi vitamini A wambiri. Ulendo wina tidzaiika kuyambira pachiyambi, kapena chinangwa chowiritsa.

Mnyamata wa akalulu uja anadya mbale yake yonse, n'kupukuta msuzi ndi buledi wopserera yemwe tinati titaye. Titamufunsa maganizo ake anati, "Azaumoyo, ndiwoyi ndi yabwino, koma nsima yake ibwera nthawi yanji?"

Kalabu yagwirizana zofesa letesi m'dimba lake mwezi wa May, chifukwa amakonda nyengo yozizira ndipo kukatentha mu October amathamangira kuchita maluwa n'kuyamba kuwawa. Madzi othirira adzachokera pa mjigo, ndipo mtsikana wa kunyanja uja ndiye wasankhidwa kuyang'anira nazale.