Pangano ndi Mfumu ya ku Britain: kuchokera ku Belfast kufika ku Domasi

Chaka chilichonse pa 12 July, Apulotesitanti a ku Belfast amaguba m'misewu, ng'oma zikugunda, mbendera ya Britain ili petupetu m'mwamba. Ife ofufuza mbiri ya mpingo timafunsidwa kawirikawiri chomwe chimamangirira Mkhristu ku mpando wachifumu chonchi. Yankho langa ndimaliyambira kwathu konkuno, m'chigwa cha Domasi.

Mu 1884, Alexander Hetherwick wa Church of Scotland adatsegula mishoni ku Domasi, m'dera la mfumu Malemia, pakati pa Ayao omwe ambiri ankalowa Chisilamu. Zaka zisanu zitapita, Apwitikizi a Serpa Pinto adakwera ndi mtsinje wa Shire. Amishoni adaopa kugwa m'manja mwa boma la Chikatolika, ndipo ku Scotland abusa ndi akulu a mpingo okwana 11,000 adasaina kalata yopempha Lord Salisbury wa boma la Britain kuti asapereke dera lino kwa Apwitikizi. Mu 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake.

Apulesibiteriya ankauona ubale umenewu ngati pangano la mbali ziwiri: mfumu iteteze anthu, anthu aimvere. Ndi mtima womwewo anzawo a ku Ulster, komwe kuli Belfast, adasaina pangano lawo mu 1912, kulumbira kuti adzakana nyumba ya malamulo ya ku Dublin ngakhale London yomweyo itaivomereza. Ankamvera mfumu koma akutsutsa boma lake.

Kunonso zidatero. Chilembwe ataukira mu 1915, boma lidakayikira sukulu za mishoni, makamaka popeza John Gray Kufa, mkulu wa mpingo ku Blantyre, adaphedwa pa mlandu wotenga nawo mbali. Poyankha pamaso pa ofufuza a boma, Hetherwick adaikira kumbuyo Akhristu ake, nadzudzula Azungu omwe ankakakamiza munthu wakuda kuwavulira chipewa iwo osamubwezera moni.

Pangano lathu ndi Britain lidasweka ndi Chitaganya cha 1953. Mafumu a Nyasaland adapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi Elizabeth kuti chitetezo cha agogo awo chisaperekedwe kwa atsamunda a mu mzinda wa Salisbury, koma sadaloledwe kuonana naye. Mu 1958 Sinodi ya Blantyre, yomwe Domasi ili pansi pake, idadzudzula Chitaganya poyera, ndipo mbusa Andrew Doig adatula pansi udindo woimira anthu akuda m'nyumba ya malamulo ya Chitaganyacho. Anthu ambirimbiri atamangidwa pa 3 March 1959, msonkhano waukulu wa Church of Scotland udaima kumbali ya omangidwawo.

Njira zidasiyana apa. Ku Ulster, Apulotesitanti ankaopa kumezedwa ndi Akatolika ochuluka pa chilumba cha Ireland, motero adakangamirabe ku Britain, ndipo mkangano wawo udakhetsa mwazi mpaka mgwirizano wa 1998. Ku Domasi, chomwe Mkhristu ankaopa ndi chomwenso Msilamu wa kwa Malemia ankaopa, ulamuliro wa atsamunda, ndipo onse awiri adalowa chipani chimodzi cha Kongilesi. Chitaganya chidatha mu December 1963, ndipo pa 6 July 1964 mbendera ya Britain idatsitsidwa.