Monita ya 4K Yotsika Mtengo: Zoyenera Kulingalira Munthu Asanatulutse Ndalama

M'zaka zapitazi, pa makatoni a mamonita a kompyuta, amene ena amawatcha masikirini, pakhala pakuoneka zilembo zikuluzikulu zakuti 4K kapena UHD. Poyamba zipangizo zotere zinali za makampani akuluakulu ndi anthu achuma okha. M'chaka cha 2001, pamene kampani ya IBM inatulutsa monita yake yotchedwa T220, mtengo wake unaposa madola 15,000 a ku America. Koma pofika mu Januwale 2014 kampani ya Dell inalengeza monita ya 4K ya mainchesi 28 pa mtengo wa madola 699, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mitengo yakhala ikutsika, kotero kuti lero mphunzitsi kapena wachinyamata amene wangomaliza Fomu 4 angathe kuima m'sitolo n'kumadzifunsa ngati nayenso sangaikwanitse.

Funso limeneli si lochepa. Kwa mphunzitsi, ndalama zogulira monita zimachokera m'malipiro omwewo amene akudikiridwa ndi lendi, fizi ya ana ndi ndiwo. Kwa wachinyamata amene akufuna kuyamba ntchito yotayipira anthu makalata, kukonza makadi a ukwati kapena zithunzi, ndalamazo ndiye mpamba wake wonse, mwinanso wochita kukongola. Mamonita onse ndi katundu wochokera kunja, ndipo pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wotere anakwera mtengo. Wogula molakwa sapeza msanga mwayi wachiwiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tsono ndi bwino kuung'amba mkuyuwo munthu asanauike m'kamwa.

Tanthauzo la 4K

Chithunzi chilichonse cha pa monita chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono towala, tondanda m'mizere. Monita yotchedwa Full HD, imene ndi yofala m'maofesi ndi m'sukulu, ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Tonse pamodzi ndi 2,073,600. Monita ya 4K UHD ili ndi timadontho 3840 chopingasa ndi 2160 chotsika, ndipo tonse pamodzi timakwana 8,294,400. Wodziwa masamu aona msanga kuti kuwirikiza kawiri mbali zonse ziwiri kwabala kuwirikiza kanayi. Pakati pa ziwirizi pali mtundu wina wotchedwa QHD, wa timadontho 2560 ndi 1440. Muyezo wa UHD unavomerezedwa ndi bungwe la International Telecommunication Union m'chaka cha 2012, kotero dzinali si mawu a malonda chabe.

Chimene timadontho tochulukati timachita n'chakuti chilembo chilichonse chimajambulidwa ndi timadontho tambiri, ndipo m'mphepete mwake mumakhala mosalala ngati mwa chilembo chosindikizidwa m'buku. Phindu lalikulu la 4K lili pamenepo, pa zolemba ndi zithunzi, kuposa pa makanema.

Diso ndi kukula kwa monita

Chiwerengero cha timadontho pachokha sichinena zonse; chofunika ndi kuthithikana kwake. Monita ya Full HD ya mainchesi 24 imakhala ndi timadontho pafupifupi 92 pa inchi imodzi. Ya QHD ya mainchesi 27 imakhala ndi 109. Ya 4K ya mainchesi 27 imakhala ndi 163, pamene ya 4K ya mainchesi 32 imakhala ndi pafupifupi 140.

Diso la munthu woona bwino limatha kusiyanitsa tinthu tiwiri totalikirana ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri imodzi. Munthu akakhala pa mtunda wa masentimita 60 kuchokera pa monita, monga amakhalira ambiri pa desiki, zimenezi zitanthauza kanthu kochepa ngati mamilimita 0.17. Kadontho ka Full HD pa mainchesi 24 ndi ka mamilimita 0.28, ndiye kuti diso limakaona ndithu. Kadontho ka 4K pa mainchesi 27 ndi ka mamilimita 0.16, ndiye kuti kamabisika. Kusiyanaku n'koona, si bodza la ogulitsa. Koma munthu akasunthira kumbuyo mita imodzi ndi theka, monga amachitira oonera kanema, phindu lija limayamba kusungunuka, ndipo wakhala atalipirira chinthu chimene diso lake silikuchiona.

Palinso mfundo imene ambiri amaidziwa atafika kale kunyumba. Popeza timadontho ta 4K ndi tating'ono, zilembo nazonso zimaoneka zazing'ono zedi ngati sizinakulitsidwe. Pa monita ya mainchesi 27, Windows kawirikawiri imalangiza kukulitsa zonse kufika pa 150 peresenti, ndipo zikatero malo ogwirirapo ntchito amafanana ndi a monita ya QHD, kungoti zilembo zimakhala zosalala kwambiri. Wogula amene amayembekeza malo owirikiza kanayi adzakhumudwa. Mapulogalamu ena akale samvera bwino kukulitsaku, ndipo zilembo zawo zimaoneka ngati zili m'nkhungu. Komabe monita ya mainchesi 27 ndi yotalika pafupifupi masentimita 34 ndi yotambalala pafupifupi masentimita 60, kotero masamba awiri a A4 amakwanapo pambali ndi pambali pa kukula kwawo kwenikweni. Kwa mphunzitsi wokonza pepala la mayeso ndi mayankho ake, ichi ndi chithandizo chachikulu. Koma chimachokera ku kukula kwa monita, osati ku 4K.

Msampha wa chingwe

Nyerere zambiri za mkuyuwu zili apa. Chithunzi cha pa monita chimajambulidwa mwatsopano kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo chiwerengero chimenechi chimalembedwa ndi chizindikiro cha Hz. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku pamafunika 60 Hz. Pa 30 Hz, kamuvi ka mbewa ya kompyuta kamayenda modumphadumpha, tsamba likamatsitsidwa limanjenjemera, ndipo munthu amatopa msanga. Monita ya Dell ya 2014 ija inali yotsika mtengo, koma pa 4K inkangofika pa 30 Hz basi.

Mamonita a masiku ano amafika pa 60 Hz, koma vuto limatsalira ku kompyuta. Kutumiza timadontho 8,294,400 ka 60 pa sekondi ndi kutumiza timadontho pafupifupi theka la biliyoni pa sekondi iliyonse, ndipo si njira iliyonse imene ingasenze katundu wotere. HDMI 1.4, imene inatuluka mu 2009, imanyamula 4K pa 30 Hz yokha. HDMI 2.0, ya mu 2013, ndi imene imafikitsa pa 60 Hz. Chimodzimodzinso DisplayPort 1.2 ndi zotsatira zake. Maonekedwe a polowetsa chingwe cha HDMI 1.4 ndi HDMI 2.0 ndi amodzi, kotero diso silingasiyanitse. Munthu ayenera kufufuza m'kabuku ka kompyuta yake kapena pa intaneti pogwiritsa ntchito nambala ya mtundu wake.

Malaputopu ambiri akale, amene amagulidwa ngati kaunjika, ali ndi HDMI 1.4. Makompyuta ena akale a m'maofesi ali ndi polowetsa pa VGA pokha, paja pamakhala pa buluu pa timabowo 15, njira imene IBM inaiyambitsa mu 1987 ndipo siinapangidwire ntchito ya 4K. Ngakhalenso polowetsa pa USB-C si ponse pamene pamatulutsa chithunzi. Tsono funso loyamba si lakuti monita ndi yabwino kapena ayi, koma lakuti kompyuta imene ilipo kale ingathe kuisenza. Kugula ngolo yaikulu pamene ng'ombe yake ndi yowonda ndi kutaya ndalama. Okonda masewera a pa kompyuta adziwenso kuti timadontho towirikiza kanayi timafuna khadi ya zithunzi yamphamvu, imene mtengo wake nthawi zambiri umaposa wa monitayo.

Kumene wopanga amadula mtengo

Monita siitsika mtengo popanda chifukwa. Wopanga akasunga timadontho 8,294,400, amachepetsa kwina, ndipo wogula wanzeru amafuna kudziwa kumene kwachepetsedwa.

Koyamba ndi mtundu wa galasi. Pali mitundu itatu yodziwika. Wa TN ndiwo wotchipa, koma munthu akauyang'ana cham'mbali kapena cham'munsi, mitundu imazilala kapena kuda. Wa VA umaonetsa mdima wakuda bwino, pakuti kusiyana kwa kuwala ndi mdima kumafika pafupifupi 3000 kwa 1, koma zinthu zakuda zikamayenda mofulumira zimasiya kamzukwa m'mbuyo. Wa IPS, umene kampani ya Hitachi inautulutsa mu 1996, umasunga mitundu bwino ngakhale munthu atakhala pambali, ngakhale kuti kusiyana kwake kwa kuwala ndi mdima kumakhala pafupifupi 1000 kwa 1. Wokonza zithunzi ndi makadi, amene kasitomala wake amaima pambali n'kumasankha mtundu wa nsalu ya ukwati, ayenera IPS. Mphunzitsi amene amasonkhanitsa ophunzira asanu kapena asanu ndi mmodzi kuzungulira monita imodzi ayeneranso IPS.

Kachiwiri ndi mwendo wa monita. Yotsika mtengo kawirikawiri imangowerama ndi kuweramuka, koma siikwera kapena kutsika. Pamwamba pa monita payenera kulingana ndi maso a munthu atakhala mowongoka, kapena kutsikirapo pang'ono. Apo ayi khosi limavutika. Vutoli ndi losavuta, pakuti mabuku awiri aakulu kapena kabenchi kopangidwa ndi mmisiri wa matabwa kamalithetsa.

Kachitatu ndi mawu okopa a pa katoni. Mawu akuti HDR amalonjeza kuwala ndi mdima zonga za m'chilengedwe. Bungwe la VESA linakhazikitsa miyezo ya DisplayHDR mu 2017, ndipo wa 400 ndiwo wapansi pa yonse. Mamonita ambiri otsika mtengo amalandira chithunzi cha HDR, koma nyali yake ya kumbuyo imawala kapena kuzilala yonse pamodzi, kotero kusintha kwake n'kochepa. Palibe chifukwa chowonjezera ndalama kaamba ka zilembo zitatuzi.

Kachinayi ndi timadontho takufa, timene timangokhala takuda kapena towala nthawi zonse. Muyezo wakale wa ISO 13406-2, pa gulu lake lachiwiri, unkalola timadontho tiwiri towala mosalekeza pa miliyoni iliyonse. Pa monita ya 4K tingakwane 16. Masiku ano kampani iliyonse ili ndi lamulo lake pa nkhaniyi, ndipo kadontho kamodzi kakufa nthawi zambiri sikakwanira kuti munthu asinthiridwe monita. N'chifukwa chake kuyesa kuyenera kuchitika ndalama zisanachoke m'thumba.

Ndalama zobisika

Mtengo wa pa katoni si mapeto. Kanema wa 4K wa pa intaneti amadya kwambiri: kampani ya Netflix imanena kuti ola limodzi lingathe kudya mpaka magigabaiti 7, pamene la HD limadya mpaka 3. Kwa munthu wogula mabando a intaneti a pa foni, ndiye kuti makanema ambiri adzawaonerabe pa muyezo wotsika, ndipo monita yake siidzaonetsa ukatswiri wake. Pangafunikenso chingwe chatsopano, chifukwa chakale chingalephere kunyamula 60 Hz. Kumene magetsi amazimazima ndi kubwerera mwamphamvu, kachipangizo koteteza ku magetsi otere n'kofunika, ndipo ndalama zake ziwerengedwe pamodzi ndi za monita. Wodalira magetsi a dzuwa awerenge mawati olembedwa pa chipangizocho, pakuti monita yaikulu imadya batire kuposa yaing'ono.

Woyenera kugula ndi woyenera kudikira

Amene amakhala maola ambiri tsiku lililonse akuwerenga, kulemba, kukonza zithunzi kapena mapulani a nyumba, ndipo kompyuta yake ili ndi HDMI 2.0 kapena DisplayPort, adzapindula ndi monita ya 4K ya IPS ya mainchesi 27 kapena 32, ngakhale ikhale yotsika mtengo. Amene ntchito yake ndi kutayipa makalata angapo pa sabata, kulemba malikisi ndi kuonera makanema, ndalama zake zidzamutumikira bwino pa monita ya Full HD ya mainchesi 24 kapena ya QHD ya mainchesi 27, ndipo zotsalazo zingagule makina osindikizira kapena kuwonjezera mphamvu ya kompyuta. Amene kompyuta yake ndi yakale ayambe walingalira za kompyutayo. Pakuti kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina ambiri akale salandira Windows 11.

Tsiku logula, wanzeru amanyamula laputopu yake ndi kuilumikiza m'sitolo momwemo. Amayang'ana ngati ikuonetsa 3840 ndi 2160 pa 60 Hz. Amatsegula tsamba loyera, kenaka lakuda, lofiira, lobiriwira ndi la buluu, n'kufufuza timadontho takufa ndi kuwala kodontha m'makona. Amaima pambali kuti aone ngati mitundu ikuzilala. Amafunsa kuti chitsimikizo cha katunduyo ndi cha miyezi ingati ndiponso kuti ikawonongeka idzakonzedwa kuti, ndipo amaonetsetsa kuti yankho lalembedwa pa lisiti. Wogulitsa amene akukana kuti katundu ayesedwe wapereka kale yankho lake.

Safunsa anadya phula. Monita ndi chinthu chimene munthu adzachiyang'ana zaka zingapo, ndipo ola limodzi lofunsa ndi kuyesa ndi mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi malipiro a mwezi otayika pa katoni yokongola.