Thadzi ndi Anapiye Ake

Pa zoweta zonse za pamudzi palibe chamantha ngati nkhuku. Mwana akangogwedeza kamtengo, ithawa ndi phokoso lalikulu. Koma nkhuku yomweyo ikakhala ndi anapiye isanduka ina, kotero kuti ndi galu yemwe ailambalala.

Ntchito yake iyamba anapiye asanaoneke. Thadzi likhalira mazira masiku 21, ndi kumawatembenuza ndi mlomo kuti kufunda kufike ponseponse. Lichokapo kanthawi kochepa pa tsiku kukafuna madzi ndi chakudya, ndipo pofika tsiku loswa lili lowonda ndithu. Chodabwitsa ndi ichi: kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, kamwanapiye kayamba kulira kali m'dzira, make nayankha. Chotero kabadwa kodziwa kale mawu a make, kasanaone nkhope yake.

Mawuwo ndiwo moyo wake. Thadzi likafukula chiswe, kapena likapeza misere pafupi ndi mtondo, liitana motsitsa, anapiye nathamangirako. Koma pali kulira kwina. M'chilimwe, lupsa litatha udzu, ponse pakhala poyera, ndipo mphamba ndi akabawi azungulira m'mwamba. Thadzi lipendeketsa mutu, diso limodzi kumwamba, ndipo likangoona chithunzi chodutsa likuwa mwamphamvu. Pomwepo anapiye aleka zonse. Ena alowa pansi pa nkhokwe, ena athamangira kwa make, amene awavundikira ndi mapiko, natukumula nthenga, napenyana ndi mdaniyo. Kawirikawiri wogwidwa ndi uja anatsata chiwala kufikira kutali, kumene make sakhoza kufika msanga.

Pansi pa mapiko pali mdima. Mwanapiye ali m'menemo saona kabawi, saonanso nkhondo imene make alikumenya, angomva kufunda. Kapena wina adandaula kuti amudukiza kudya, osadziwa kuti zikhadabo zadutsa pamsana pa make.

Ambuye Yesu anazidziwa bwino zimenezi. M'buku la Mateyu, mutu 23, muli madandaulo ake pa mudzi wa Yerusalemu, ndipo m'menemo sadziyerekeza ndi mkango kapena mfumu yankhondo, koma ndi thadzi loitana ana ake. Choipa chinali chakuti oitanidwawo anakana kudza. Patapita masiku owerengeka Iye anapachikidwa pa mtanda, nalandira pa thupi lake zimene zinayenera ena. Ndipo m'chaka cha 70 asilikali a Aroma anazinga mudziwo, nagwetsa Kachisi.

Mulungu aitanabe kufikira lero. Aitana ndi Mawu ake owerengedwa m'tchalitchi ndi m'sukulu, aitana ndi malangizo a makolo oopa Iye, ndiponso ndi kaliwu kaja kamumtima kamene kaletsa mwana potambasula dzanja kuti athyole chimanga m'munda wa mwini. Mwana wozolowera mawuwo masiku a mtendere sachedwa kuwazindikira tsiku la tsoka.

Tsono munthu asayese kuti wosungidwa ndi Mulungu saona zovuta. Kabawi saleka kuzungulira chifukwa thadzi lilipo. Malungo alowa ndi m'nyumba za Akhristu zomwe, dzombe silisankha munda, ndipo maliro sadumpha khomo la mlaliki. Nthawi zotere zifanana ndi mdima uja wa pansi pa mapiko: mwana saona chimene Mulungu alikuchita, koma sali yekha. Zoopsa zambiri zimene apulumukako, monga njoka imene sanaiponde popita kuchitsime, sadzazidziwa konse.

Pa chinthu chimodzi fanizoli liperewera. Thadzi lilephera nthawi zina. Likongwe alowa m'khola usiku lili m'tulo, chitopa chipha make ndi ana omwe, ndipo anapiye akakula make awajompha kuti adziyendere okha. Mulungu sagona, sagonjetsedwa ndi imfa, ndipo sapirikitsa munthu chifukwa wamera imvi.

Dzuwa likapendeka, thadzi likhala pansi pakona pa khola ndi kuitana. Anapiye alowa mmodzimmodzi, wina natulutsa kamutu pakati pa nthenga, nabwezanso. Kulira kwawo kucheperachepera kufikira onse ali duu, ndipo mayi wa pakhomo adza kudzatseka khola.