Sikani Ikati "Palibe", Nkhani Sinathe

Munthu akapezeka ndi khansa ya m'matumbo aakulu, achibale amafuna kumva chimodzi: kodi yafalikira? Kawirikawiri poyamba imasamukira ku timwanabere. Sitikunena mwanabere wa m'khwapa kapena m'mphechepeche yemwe timamugwira ndi chala, koma tija tobisika m'mafuta ozungulira thumbo.

Ambiri amakhulupirira kuti makina a CT kapena MRI amaona zonse. Ayi ndithu. Makinawa amaona kukula ndi maonekedwe a kamwanabere, osati maselo a khansa. Kwa nthawi yaitali madokotala ankakayikira kalikonse kopitirira sentimita imodzi pa CT. Koma kamwanabere kamatha kutupa chifukwa cha chilonda cha chotupacho, m'kati mulibe khansa. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: timwanabere tambiri tokhala ndi khansa sitikwana n'komwe mamilimita 5. Kanthu konga njere ya mapira, pa chithunzi kakuoneka kabwinobwino, chikhalirecho matenda alowa kale.

Ku khansa ya thumbo lomalizira, MRI imathandiza kwambiri, ndipo ndi imene imatsogolera madokotala posankha amene ayambe walandira radiotherapy asanapite ku opaleshoni. Mu 2003, Gina Brown ndi anzake ku Britain anaonetsa kuti m'mphepete mosasalala ndi m'kati mwa mawangamawanga zimaulula khansa kuposa kukula kwa kamwanabere. Ngakhale zili choncho, MRI nayo imaphonya.

Ena amati sikani ya PET, poti ndi yodula, ndiye yonena zoona. Imathandiza kusaka khansa imene yapita kutali, koma pafupi ndi thumbo chotupa chachikulu chimawala kwambiri mpaka kuphimba timwanabere toyandikana nacho.

Yankho lenileni limachokera ku labotale. Dokotala akadula thumbo lodwalalo, amachotsa pamodzi ndi mafuta ake, ndipo timwanabere tosachepera 12 timayenera kuunikidwa pa maikulosikopu. Kamodzi kokha kakapezeka ndi khansa, matendawo ali pa siteji 3, ndipo wodwala nthawi zambiri amafunika chemotherapy akachira bala.

Choncho ngati sikani ya mayi anu yatuluka bwino, thokozani, koma musawatengere kumudzi opaleshoni isanachitike. Ndipo akatuluka m'chipatala, bwererani mukafunse kuti: munaunika timwanabere tingati, nanga tingati tinali ndi khansa?