Liu la Chingerezi Lakuti "Phoney" Linachokera ku Mphete ya Mkuwa

Anthu amene amawerenga nyuzi za Chingerezi amakomana kawirikawiri ndi liu lakuti "phoney", limene ku America amalilemba "phony". Liuli limanena chinthu chachinyengo chooneka ngati chenicheni, monga ndarama yopeka, setifiketi yabodza, kapena munthu wodzitcha dokotala asanaphunzire udokotala. Lisiyana ndi bodza wamba, pakuti bodza limatuluka pakamwa, koma chinthu cha "phoney" chimanyenga ndi maonekedwe ake.

Liuli linayamba kuoneka m'zolembedwa za ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Popeza lamya inali yatsopano masiku amenewo, Alexander Graham Bell atailembetsa ku Boma mu 1876, ena anaganiza kuti liuli linadulidwa ku dzina la telefoni, ati chifukwa mau a pa waya sadalirika. Akatswiri ambiri a ziyankhulo sabvomereza zimenezi. Iwo aloza ku Ireland, kumene mphete imatchedwa "fáinne". Mbala za m'misewu ya ku England zinalitenga liuli ndi kulisandutsa "fawney", ndipo chinyengo chao china chotchuka zinkachitcha "fawney rig".

Francis Grose anasonkhanitsa mau a mbala ndi a m'misewu m'buku limene linatuluka koyamba mu 1785, ndipo kope la 1811 la bukulo lifotokoza machitidwe ake. Wakuba ankagwetsa dala mphete ya mkuwa yokutidwa ndi golidi, naitola pamaso pa munthu amene afuna kumbera, monga ngati waipeza mwamwayi. Kenaka ankamgulitsa pa mtengo wochepa poyerekeza ndi mphete ya golidi weniweni, koma woposa kakhumi mtengo wa mphete ya mkuwayo. Wogulayo ankachoka akusekerera, poyesa kuti wapusitsa mnzake, ndipo ankadzadzimuka golidi uja atasupuka.

Pamenepa mpamene pagona nkhani. Wakubayo sanagwire munthu pakhosi, ndiponso sanapise dzanja m'thumba mwake. Mwini ndarama anazitulutsa yekha, podziwa bwino kuti mphete yotola iri ndi mwini wake. Ndiye kuti chinyengo chotere chimayenda ndi miyendo iwiri, kuchenjera kwa wogulitsa ndi dyera la wogula, ndipo mwendo umodzi ukathyoka chinyengocho chimagwa. Nchifukwa chake obedwa motere ambiri amachita manyazi kukadandaula kwa apolisi.

Liuli linamveka dziko lonse pa Nkhondo Yachiwiri. Britain ndi France analengeza nkhondo ndi Germany pa 3 September 1939, koma kwa miyezi isanu ndi itatu asilikari a mbali zonse ziwiri anangoyang'anizana pa malire a France ndi Germany popanda kumenyana kwakukuru. Nyuzi zinatcha nyengo imeneyi "Phoney War", ndiko kuti nkhondo yonamizira. Koma dzinalo nalonso linali lonyenga. Pa nthawi yomweyo dziko la Poland linali litagonjetsedwa ndi kugawidwa, ndipo pa nyanja zombo zinali kumira. Mu October 1939 chombo cha nkhondo cha Royal Oak chinamizidwa pa Scapa Flow, ndipo amalinyero oposa 800 anafa. Tsono pa 10 May 1940 asilikari a Germany analowa mu Belgium, Netherlands ndi Luxembourg, ndipo mwezi wa June usanathe France anali atagonja. Amene anakhulupirira kuti nkhondoyo njamasewera anafanana ndi wogula mphete uja, pakuti anakhulupirira chimene mtima wao unkafuna.

Lero mphete ya mkuwa yasintha maonekedwe. Imafika ngati uthenga wa pa lamya wonena kuti munthu wapambana mphotho pa mpikisano umene sanalowe, kapena ngati katundu wa dzina lotchuka wogulitsidwa pa theka la mtengo wake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Owerenga akapatsidwa chinthu chonyezimira pa mtengo wotsika modabwitsa, ayenera kuyamba afunsa chifukwa chimene mwini wake afulumirira kuchitaya, ndarama zikali m'thumba.